Mawindo amene palibe awalimbirana

Aliyense wokwera minibasi adziwa kukoma kwa mpando wa pawindo. Pa Kulima Tower kapena pa City Market timacita kukankhana kuti tiupeze, cifukwa pawindo pali kamphepo, ndipo maso amapeza kothawira basi ikaima pa mzere wautali mu Lumumba Road. Koma lero tiyeni tikambe za mawindo ena amene palibe awalimbirana: mawindo a mahositelo osiyidwa a masukulu a boding'i.

Kwa zaka zingapo tsopano, ndikapita kumaliro kapena ku ukwati kunja kwa Lusaka, ndimafunsa ngati pafupi pali sukulu yakale yogonera komweko. Kwina sukulu yonse inatsekedwa. Kwina makalasi akali kugwira nchito, koma kumbuyo kwake kuli nyumba yaitali yopanda citseko, malata ena anauluka, mkati mugona mbuzi. Ndimapempha cilolezo kwa ahedi kapena kwa alonda, ndi kutulutsa foni yanga yomweyi. Nyumba yonse sindiijambula. Ndimajambula windo cabe.

Mufunsa kuti n'cifukwa ciani windo? Mabedi anatengedwa kale, matilesi anaola, maloka anasanduka nkhuni. Cimene cimatsala ndi felemu yacitsulo, nsimbi zochinga akuba, ndi galasi limodzi kapena awiri ong'aluka. Pakhoma pambali pake mumapeza maina olembedwa ndi msomali, caka cake pansi. Pamwamba pali kamsomali pamene wina anali kukoleka neti ya udzudzu. M'kona mavu anamanga.

Cithunzi cabwino cimatengedwa uli mkati, kuyang'ana panja, m'mawa dzuwa lisanakwere. Ukagunda cala pa foni pamene pawala, panja pamaoneka bwino ndipo khoma limada. Pamenepo umaona cimene mwana wa Fomu 1, uja anzake anali kumucha zeze, anali kuona tsiku lililonse: mtengo wa mango, bwalo la bola, ndi kamseu kopita kugeti. Kamseu ako ndiko kamandigwira mtima. Ndiko kanali kubweretsa amai ndi cikwama ca nshawa zokazinga ndi shuga wa zigolo. Ndiko kanali kukhala zii mwezi wathunthu ndalama zikasowa kunyumba. Inu ofuna kuyesa, muziyamba mwayang'ana denga ndi pansi, cifukwa mitanda yofumbwa ndi njoka sizidziwa kuti mwabwera kudzajambula.

Nyumba izi sizinamangidwe mwamasewera. Kale mwana wofuna sekondale anali kusiya kwao ndi kupita kutali. Sukulu ya Munali, sekondale yoyamba ya boma ya ana acikuda, inayamba mu 1939, ndipo a Kenneth Kaunda anacoka ku Lubwa m'boma la Chinsali kudzaphunzira kumeneko mu 1941. Pamene tinalandira ufulu mu 1964, dziko lonse linali ndi anthu pafupifupi 100 cabe a madigiri a ku yunivesiti. Boma latsopano linamanga masekondale m'maboma ambiri, ndipo popeza midzi ndi yotalikirana, ambiri anali ogonera komweko. Ana anali kugona ndi kudya ulere. Mtengo wa kopa utagwa mu 1975, ndalama zokonzera nyumba zinayamba kucepa, ndipo m'zaka za m'ma 1980 makolo anayamba kulipira ndalama za boding'i. Galasi likasweka, m'malo mwake munali kulowa katoni. Katoni ikanyowa, thumba la unga. Pothera pake ana anali kusamutsidwa, citseko n'kukhomedwa.

Zithunzi izi zimakamba mosiyana kwa munthu aliyense. Tsiku lina m'basi ya ku Matero, amai ena amene ndinakhala nao anasuzumira pa foni yanga n'kuti, “Imwe atate, bwezani ico cithunzi.” Anaciyang'ana nthawi yaitali. Sinali sukulu yao, koma anati bedi lao linali pawindo lotero, ndipo m'mwezi wa Juni iwo ndi mnzao anali kuphatikiza mabulangete kugona bedi limodzi. Mnzaoyo anamwalira kale. Abambo ena kumbuyo anati, “Ine olo mundilipire siningayangane. Kuja tinavutika maningi.” Anakumbuka nyemba zofumbwa, njala ya usiku pambuyo pa pulepu, ndi akuluakulu amene anali kucapitsa ana ang'ono zovala zao. Onse awiri anali kunena zoona. Windo limodzimodzi kwa wina linali poonera kwao, kwa wina linali la ndende.

Ine cimene ndimamva kwambiri ndi kuwawa mtima, osati cifukwa ca zakale, koma za lero. Kuyambira mu Januwale 2022 maphunziro m'masukulu a boma ndi aulere mpaka kumapeto a sekondale, ndipo ana ambiri abwerera m'kalasi. Koma kalasi si pogona. Mwana amene kwao kuli kutali ndi sekondale, ngati sanapeze malo a boding'i, amacita lendi kacipinda pafupi ndi msika, kudziphikira yekha, kugona kopanda matroni kapena mlonda. Makolo ake ena ndife amene, okhala mu Kanyama ndi mu Chawama, otumiza ka K100 pa foni kumapeto a mwezi. Mtsikana wa zaka 14 unga ukamuthera Lacitatu, mudziwa nokha amene amabwera kudzagogoda ndi thumba la kapenta. Ndiye kuona hositelo ya ana ambirimbiri ili ndi mbuzi mkati, kacipinda ka lendi kali pafupi pomwepo, mtima sukhala m'malo.

Si nyumba zonse zingakonzedwe. Zina maziko anang'ambika, zina zili ndi denga la asibesitosi lofunika akatswiri. Koma zambiri zimene ndaona makoma ake akali olimba. Zifuna denga, zitseko, magalasi ndi madzi. Mu 2022 ndalama za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitityuwensi iliyonse, ndipo nchito zotere zimayambira ku Ward Development Committee. Komiti siikamba za nyumba imene palibe waichula.

Conco inu amene muli m'gulu la WhatsApp la ophunzira akale, gulu lija limene limadzuka cabe pakacitika maliro, mukapita kumudzi pa Khirisimasi patukirani ku sukulu yanu. Funsani ahedi ngati hositelo yanu ikali kugonamo ana. Ngati ilibe, imani pamene panali bedi lanu, jambulani windo, ndipo cithunzico citumizeni ku gulu ndi kwa akhansala, pamodzi ndi funso limodzi: ana a Fomu 1 a caka ca mawa adzagona kuti?