Nyenyezi Sizidziwa za Mawa

Pa 27 Marichi 2020 dziko la South Africa lidalowa m'bindikiro chifukwa cha mliri wa Covid-19. Abale athu ku Johannesburg adakhala m'nyumba, ntchito itaima, mizikiti itatsekedwa. Mantha atakula, ena mwa ife, kuno ndi komweko, tidayamba kuwerenga maulosi a nyenyezi pa foni, kufuna kudziwa ngati banja lipulumuke.

Koma tikumbukire tsiku lomwe Ibrahim, mwana wa Mtumiki Muhammad (SAW), adamwalira ku Madina. Kudachitika kadamsana, anthu nkumati dzuwa likulira maliro. Mtumiki, ali pachisoni chomwecho, adawakanira kuti zakumwamba sizitsata imfa ya munthu, nawauza kuti aswali.

Abale ndi alongo, nyenyezi zimalozera wapaulendo njira usiku, koma zamawa adziwa ndi Allah yekha. Tiphunzitse ana athu zimenezi.