Mamendulo a Opulumutsa Miyoyo: Mafunso ndi Mayankho

Kodi mamendulo amenewa anayamba bwanji?

Ambiri mwa akalekale anachokera ku Britain. Mu 1774 madokotala awiri, William Hawes ndi Thomas Cogan, anayambitsa ku London bungwe lomwe linadzatchedwa Royal Humane Society, lofupa anthu ovuula ndi kutsitsimutsa omira m'madzi. Pa mendulo yake pali kamwana kakuuzira muuni wotsala pang'ono kuzima. Bungwe la mabwato opulumutsa anthu panyanja, lomwe lero ndi RNLI, linabwera mu 1824 ndi mamendulo a golide ndi siliva. Amkuwa anayamba mu 1917.

Nanga mtengo wa mendulo umagona pati?

Pa dzina lozokotedwa m'mphepete kapena kumbuyo kwake. Chitsulocho chimabwera pambuyo. Dzina ndi tsiku zimamulondolera munthu ku mabuku a bungwe ndi nyuzipepala zakale, komwe angapeze amene ankamira, mkuntho wa tsikulo ndi amene anadziponya m'madzimo. Taganizirani za Grace Darling. Mu 1838 iye ndi bambo ake, omwe ankayang'anira nyali younikira zombo ku zilumba za Farne, anapalasa bwato pa mafunde oopsa kukatenga otsala a sitima ya Forfarshire, ndipo anapulumutsa anthu 9. Mendulo yake ya RNLI inali ya siliva chabe, koma ndani angaiyeze pa sikelo? Kwa ine, wosonkhanitsa amene safufuza nkhani wangosunga chitsulo.

Yabodza imadziwika bwanji?

Achinyengo amapala dzina lenileni ndi tupa n'kulembapo la munthu wotchuka. Mphepete yotero imapyapyala mbali imodzi, ndipo zilembo zake sizifanana ndi za mamendulo ena a zaka zomwezo. Yang'anani ndi galasi lokulitsa zinthu, pimani kulemera kwake, funsani anthu onse amene inadutsa m'manja mwawo.

Kodi n'kwabwino kuitsuka kuti iwale?

Ayi. Mankhwala opukutira amadya zilembo ndipo mtengo umatsika. Riboni yakale, ngakhale yasuluka, musaitaye.

Ndi iti yosowa kwenikweni?

Albert Medal, yomwe inayamba mu 1866 pofupa opulumutsa anthu panyanja, ndipo mu 1877 inafikiranso a pamtunda, monga a m'migodi. Inkaperekedwa kwa ochepa kwambiri. Mu 1971 eni ake omwe anali moyo anapemphedwa kuisinthanitsa ndi mendulo ina yotchedwa George Cross, ndipo zambiri mwa zomwe anabweza zinapita kunyumba zosungiramo zinthu zakale, kumene sizigulitsidwa.