Za Cigoba ca Wosewera

M'Mateyu 6 Ambuye achula anthu ena onyenga, ponena za kupatsa osauka, za kupemphera ndi za kusala cakudya. M'Cihelene mauwo ndiwo hupokrites, ndilo dzina la munthu wosewera m'bwalo la masewero. Tilingalire pamodzi za munthu ameneyo.

Ku Athens, kuyambira ngati caka ca 534 Kristu asanabadwe, anthu ankasonkhana pa madyerero a mulungu wao Dionysus kudzapenya masewero. Osewera anali amuna okha-okha, nabvala zigoba zophimba mutu wonse, zopangidwa ndi bafuta wolimbitsidwa kapena mtengo, zokhala ndi tsitsi ndi pakamwa poyasama. M'masiku a Sophocles olankhula anali atatu okha, osawerengera oyimba. Cotero munthu mmodzi anaoneka ali mfumu, naturuka, nasintha cigoba ndi mwinjiro, nabweranso ali nkhalamba kapena mkazi. Aroma anatengera mwambowo, nacha cigobaco persona.

Tsono wosewerayo sananyenga munthu, pakuti onse anadziwa kuti kuseri kwa cigoba kuli wina. Koma ife, tikapemphera kapena kupereka copereka kuti anthu atitame, tibvala cigoba pamaso pa abale amene aciyesa nkhope yathu yeni-yeni. Aphunzitsi ndi akristu nonse, tidziyese tokha: kodi nkhope yathu ya Lasabata ndi yomweyo imene aiona ana athu kunyumba? Anthu apenya cigoba, koma Mulungu adziwa wocibvala.