Driver wabwino saloweza nambala ya pini

Ndikafuna kudziwa ngati driver walembedwa mwaluso, ndimayamba ndafufuza chinthu chimodzi: kodi muli nambala ya pini ya GPIO? Ngati ilimo, ndiye kuti pulogalamuyo yamangiriridwa pa bolodi imodzi. Pini imene imadzutsa sensa pa bolodi iyi ikhoza kukhala yoyatsa LED pa bolodi ina.

Kale Linux inkatchula mapini ndi manambala basi. Mu 2014, Linux 3.13 inabweretsa njira ya gpiod. Tsopano driver amapempha pini potchula ntchito yake, monga "reset", ndipo device tree ya bolodiyo ndi imene imanena kuti piniyo ili pa chipu iti, pa mzere uti. Zephyr nayo imadalira device tree chimodzimodzi.

Chimene ndimachikonda kwambiri ndi ichi: zipangizo zina zimayamba kugwira ntchito magetsi akakwera pa pini, zina akatsika. Driver sayenera kuvutika nazo. Iye amangoti 1, kutanthauza "yatsa", ndipo device tree ikalembedwa GPIO_ACTIVE_LOW, kernel imatembenuza yokha.

Komabe pali kusiyana kumene sikungabisike. Pini ya pa purosesa imasintha nthawi yomweyo, pamene pini ya pa chipu yowonjezera ya I2C imadikira uthenga uyende kaye pa waya. N'chifukwa chake Linux ili ndi gpiod_set_value_cansleep, imene siloledwa mkati mwa interrupt. Langizo langa n'lakuti muziigwiritsa ntchito paliponse pamene kudikira kuli kololedwa, kuti driver wanu agwire pa mitundu yonse iwiri ya mapini.