Mwera wa pa Chiuta ndi wa tonse: masewera a thanga ndi kaiti akadzafika, adzalamula ndani?

Inu a ku Insaca, a ku Entre-Lagos ndi a m'midzi yonse ya m'mbali mwa Nyanja ya Chiuta, mwera mumaudziwa. Ukayamba kukuntha mu Juni ndi Julayi, msodzi amayang'ana kawiri kumwamba asanakankhe bwato, ndipo mayi amene amuna ake agonera panyanja tulo samatiwona. Kwa inu mphepoyi ndi yoyenera kuiopa. Koma kuli anthu ena amene amalipira ndege n'kuyenda maulendo ataliatali kufunafuna mphepo yomweyo kuti akasewere nayo pamadzi.

Masewera awo amatchedwa windsurf ndi kitesurf, ndipo m'dziko lathu lino anafika kale. Mukawapeza ku Costa do Sol ku Maputo, ku Vilankulo m'chigawo cha Inhambane, ndi ku Murrébuè pafupi ndi Pemba. Chiuta idakali nyanja ya asodzi, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi tiyenera kuikamba lero. Malamulo a padoko amakoma kuwapangana mlendo asanatule katundu wake.

Masewerawa ndi otani?

Pa windsurf munthu amaimirira pa thabwa loyandama limene lili ndi mlongoti ndi thanga. Mlongotiwo sunakhomedwe mouma ayi. Umatha kupendekera mbali iliyonse, moti wokwerayo amawongola ulendo ndi manja ndi thupi lake, popanda nkhafi kapena chiwongolero. Pansi pa thabwa pali kachipsepse konga ka nsomba, kamene kamaletsa thabwalo kukokoloka cham'mbali. N'chifukwa chake munthu amatha kupita ngakhale kumene mphepo ikuchokera, bola aziyenda mokhotakhota. Luso limeneli linatchuka kuchokera ku California, kumene Jim Drake ndi Hoyle Schweitzer analandira chikalata cha umwini wake mu 1970. Linalowa m'mipikisano ya Olimpiki ku Los Angeles mu 1984.

Pa kitesurf palibe mlongoti. Wosewera amakokedwa ndi kaiti yaikulu youluka m'mwamba, yomangidwa ndi zingwe zotalika mamita 20 mpaka 25. Zingwezo zimakoleka pa lamba wam'chiuno, ndipo m'manja amagwira kamtengo kowongolera. Kaiti yopopedwa mpweya, yoti ikagwera m'madzi iyandame n'kuulukanso, anaipanga ndi abale awiri a ku France, Bruno ndi Dominique Legaignoux, mu 1984. Masewerawa analowa mu Olimpiki mu 2024, ndipo mpikisano wake unachitikira ku Marseille. Osewera ambiri amafuna mphepo yothamanga makilomita pakati pa 20 ndi 45 pa ola. Imeneyo ndi mphepo yomwe msodzi wa bwato laling'ono amayamba nayo kuganiza zobwerera kumtunda.

Nyanja yosaya imakopa

Mwina mukuti: ndani angasiye Nyanja ya Niassa, ndi mchenga wake woyera wa ku Chuanga ndi ku Cóbuè, n'kubwera pa Chiuta? Ndi zoona kuti kutchuka kuli kumeneko. Kumbali ya Malawi kumachitika ngakhale mpikisano wa mabwato a matanga wa masiku angapo m'nyengo ya mwera, wochokera kumwera kwa nyanjayo kulowera kumpoto. Komabe ophunzira masewerawa sakonda madzi akuya a mafunde aakulu. Amafuna madzi osaya, pamalo poti mphepo iziwomba popanda chotchinga. Chiuta ndi yotero: kuya kwake ndi mamita 3 mpaka 4 basi, ndipo ili pachigwa chotambasuka. Njanji yochokera ku Nacala kudzera ku Cuamba imafika pa Entre-Lagos, pafupi ndi nyanjayi, isanalowe m'Malawi pa Nayuchi.

Ku Ulaya kuli nyanja yofanana kwambiri ndi yathuyi. Dzina lake ndi Neusiedl, ndipo ili m'malire a Austria ndi Hungary. Kuya kwake sikufika mamita 2, yazunguliridwa ndi bango, ndipo inaphwa pakati pa 1865 ndi 1871. Lero mudzi wa Podersdorf, m'mbali mwa nyanjayo, ndi wotchuka ndi windsurf ndi kitesurf, ndipo anthu ake amadyerapo. Koma kumeneko munthu sangoulutsa kaiti paliponse pamene wafuna. Osewera ali ndi malo awo olowera m'madzi, osambira ali ndi awo, ndipo mbali ina ya nyanja ndi yotetezedwa chifukwa cha mbalame. Nyanjayo ikupindulitsa chifukwa eni ake anagawa malo n'kuika malamulo.

Zimene zili pachiswe

Choyamba ndi zida zanu. Pa Chiuta anthu amadalira matchera, miono ndi mbedza pogwira makumba, milamba ndi matemba. Ukonde wotcheredwa suoneka kwa munthu amene akuthamanga pa thabwa. Kachipsepse kaja kakakola ukonde kamaung'amba, ndipo mwini wake amataya ndiwo ndi ndalama za milungu ingapo. Wosewerayo naye akhoza kukodwa mu ukondewo n'kumira.

Chachiwiri ndi anthu a padoko. Zingwe za kaiti n'zopyapyala, koma zikakungika ndi mphepo zimacheka khungu ngati mpeni. Ngozi zambiri zimachitika pouluka ndi potera, kumtunda, pamene kaiti ingakokere munthu pamtengo kapena pagulu la ana obwera kudzaonerera. Kulikonse kumene masewerawa amachitika mwadongosolo, saulutsira kaiti pamene pali anthu kumbali imene mphepo ikulowera. Pa ife, ndiye kuti saulutsira pamene amayi akuchapa, pamene pali matandala a nsomba, kapena pamene ng'ombe zikumwa.

Chachitatu ndi zoopsa za m'madzi momwemo. Mlendo sadziwa pamene pamakhala mvuu kapena pamene ng'ona zimaothera dzuwa. Sadziwa kuti udzu wam'madzi umakola, kapena kuti madzi odikha a m'bango amasunga nkhono zofalitsa likodzo. Sadziwanso kuti mphepo yochokera kumtunda kulowera pakati pa nyanja ndiyo yoipa koposa, chifukwa chida chikathyoka imamutengera kutali ndi gombe. Inu zonsezi mumazidziwa, ndipo nzeru imeneyi ili ndi mtengo wake.

Chachinayi ndi malire. Mbali ina ya Chiuta ili m'boma la Machinga ku Malawi. Mwera umachokera kumwera chakum'mawa, choncho munthu wochokera kugombe la Mecanhelas akalephera kubwerera umamukankhira cha ku Malawi. Pamadzi palibe chipilala chosonyeza malire, koma lamulo lilipo. Aliyense wofuna kuyambitsa masewerawa ayenera kukambirana ndi apolisi a m'malire ndi akuluakulu a mbali zonse ziwiri kuti wotengedwa ndi mphepo adzapulumutsidwe msanga, osayamba ndi milandu.

Tisaiwalenso kuti Chiuta imakula ndi kuchepa malinga ndi mvula. Kumpoto imalumikizana ndi Nyanja ya Amaramba, kumene kumachokera mtsinje wa Lugenda, ndipo kumwera yalekana ndi Nyanja ya Chirua, imene ku Malawi amati Chilwa, ndi mtunda wa mchenga. Chirua inaphwa mu 1968 ndi mu 1995. Pamene lero pali gombe, chaka china padzakhala dambo la mpunga kapena msipu. Amene akulonjeza ntchito zokhalitsa pa nyanja yotere afunsidwe kuti madzi akathawa adzatani.

Lamulo likuti chiyani?

Malamulo aakulu a dziko lathu, pa ndime 98, amati chuma chachilengedwe cha m'nthaka ndi cha m'madzi a m'kati mwa dziko ndi cha Boma. Ndime 109 imati nthaka ndi ya Boma ndipo sigulitsidwa. Choncho palibe munthu, kaya ndi mfumu, kaya ndi wamalonda, amene angagule kapena kugulitsa gombe la Chiuta.

Lamulo la malo la 1997, Lei de Terras, limazindikira ufulu wa anthu a m'midzi pa malo amene akhala akugwiritsa ntchito mwa chikhalidwe chawo, ngakhale alibe pepala. Munthu wofuna DUAT, chilolezo chogwiritsa ntchito malo, sangachilandire anthu a m'deralo asanafunsidwe pamsonkhano umene pa Chipwitikizi amati consulta comunitária. Lamulo lomwelo limaika pansi pa nyanja ndi mitsinje, komanso dera la makilomita 2 kutsata malire a dziko, m'gulu la malo otetezedwa. M'malo oterewa DUAT siperekedwa. Chimene chingaperekedwe ndi chilolezo chapadera cha ntchito inayake. Wina akadzamanga mpanda kutseka njira ya kudoko n'kunena kuti malo anagula, mufunseni pepala, ndipo mukafunse ku ofesi ya Posto Administrativo ya Chiúta kapena ku boma ku Insaca.

Pa za usodzi, mawu anu amadzera mu CCP, Conselho Comunitário de Pesca, bungwe la asodzi a m'dera. Kutsidya ku Malawi ali ndi makomiti a m'madoko otchedwa BVC. Amenewa ndiwo angajambule mapu osonyeza pamene pali maukonde, pamene nsomba zimaswana ndi pamene pangatsale mpata wa masewera.

Chiuta inaonetsapo kale mphamvu

Izi si maloto. Cha m'ma 1995, asodzi a kumbali ya Malawi ya nyanja yomweyi anaona kuti makoka a nkacha, obwera ndi asodzi ochokera ku nyanja zina, akukokolola nsomba zazing'ono ndi kuvundula madzi akumwa. Sanadikire kuti wina awalamule. Anagwirizana, nakhazikitsa makomiti awo, nachotsa makokawo. Akatswiri a za usodzi amatchulabe Chiuta ngati chitsanzo cha anthu amene anayamba okha kusamala nyanja yawo.

Nkhaniyo ili ndi phunziro lachiwiri. Malamulo a mbali imodzi sanali ofanana ndi a mbali inayo, ndipo zimenezi zinabweretsa mikangano pakati pa asodzi a maiko awiriwa, anthu amene ambiri ndi apachibale. Nsomba sizidziwa malire, mphepo nayo siwadziwa. Pangano lililonse la masewera apamadzi likhale lomveka kumagombe onse awiri.

Mafunso oti mudzafunse pamsonkhano

Tsiku lina kukadzabwera wofuna kutsegula sukulu ya masewerawa kapena malo ogona alendo, musadzachite manyazi. Safunsa anadya phula. Osewera azidzalowera pati, ndipo nthawi yanji? Ukonde ukang'ambika adzalipira ndani, ndipo mlandu udzaweruzidwa kuti? Kodi padzakhala bwato lopulumutsira anthu, ndipo lidzathandizanso msodzi amene bwato lake lagubuduzika? Kodi majekete oyandamitsa adzakhala a alendo okha? Ndi achinyamata angati a m'mudzi, anyamata ndi atsikana, amene adzaphunzitsidwe kukwera ndi kuphunzitsa ena, osati kungonyamula katundu? Mayankho alembedwe m'chikalata cha msonkhano, chiwerengedwe mokweza m'chilankhulo chimene aliyense akumva, ndipo mudzi usunge kope lake. Amayi ogulitsa nsomba akhalepo ndipo alankhule, chifukwa doko likatsekedwa oyamba kuvutika ndi iwowo.

Funso la achinyamata ndi lalikulu. Zida za masewerawa n'zodula, ndipo banja la msodzi silingazigule lokha. Koma kumene kuli gulu la osewera a m'dera, zida zimabwerekanidwa, wamkulu amaphunzitsa wamng'ono, ndipo amasoka okha thanga likang'ambika. Mozambique ili nawo kale ana ake odziwa kuyenda ndi mphepo: Deisy Nhaquile, Denise Parruque ndi Maria Machava anaimira dziko lino pa mpikisano wa mabwato a matanga pa Olimpiki ya ku Tokyo, imene inachitika mu 2021. Mwana wa pa Chiuta amene wakula akupalasa bwato pa mwera ali ndi theka la luso limeneli kale.

Musadikire kuona kaiti m'mwamba. Pamsonkhano wotsatira wa CCP kapena wa kwa mfumu, pemphani kuti madoko, njira za kumadzi ndi malo oswanirana nsomba zilembedwe ndi kudziwika ku boma. Zikalembedwa zidzakutetezani kwa aliyense wobwera, kaya wanyamula khoka, kaya wanyamula thanga. Ndipo mlendo wabwino akadzafika adzapeza anthu okonzeka kumulandira, omuuza polowera ndi pamene sayenera kuponda.