Eddie Robinson: zaka zoposa 50 pa bwalo limodzi

Ku America kuli mpira wosiyana ndi uja anyamata amamenya pa bwalo la m'mudzi. Mpira wake ngooneka ngati dzira, amathamanga nawo m'manja, ndipo osewera amavala zipewa zolimba poti amagundana ngati nkhosa zamphongo. Makoleji ali ndi matimu awo, ndipo mphunzitsi wa timu akamaluza sachedwa kuchotsedwa ntchito. Koma bambo Eddie Robinson anakhala pa koleji imodzi ya Grambling, m'chigawo cha Louisiana, kuyambira 1941 mpaka 1997.

Iwo anabadwa mu 1919, mwana wa mlimi wolima munda wa eni. Grambling inali sukulu yaing'ono ya anthu akuda okhaokha, chifukwa malamulo a tsankho kumwera kwa dzikolo sankalola akuda kuphunzira pamodzi ndi azungu. Ndalama kunalibe. A Robinson ankalemba okha mizere ya bwalo, kumanga osewera mabala, ndipo mpira ukatha ankalembanso okha nkhani yake yopita ku nyuzipepala. Popita kukasewera kutali ankakonzeratu kamba wa buledi, poti malo odyera a m'njira sankagulitsa chakudya kwa munthu wakuda.

Mu 1942 timu yawo inapambana masewera onse 9, popanda mdani wogoletsa ngakhale kamodzi.

Anyamata awo amakumbukira kwambiri belu. M'mamawa a Robinson ankayenda m'nyumba zogona akuliza belu la ng'ombe kuti aliyense adzuke, adye, apite m'kalasi. Ankadziwa kuti mpira umatha munthu akadali wamng'ono, ndiye ankalimbikira kuti mwana achoke pa Grambling ndi pepala la maphunziro.

Osewera awo oposa 200 analowa mpira wolipidwa. Paul Younger anatsegula njira mu 1949 polowa timu ya Los Angeles Rams. Mu 1988 Doug Williams anakhala wakuda woyamba kupambana chikho chachikulu cha Super Bowl ali pa malo a "quarterback", woponya mpira amene amayendetsa timu yonse, malo omwe ambiri ankati wakuda sangawathe.

Mapeto sanakome. Zaka zitatu zomaliza timu inkaluza kuposa kupambana, ndipo ena anayamba kunena kuti nkhalamba ipume. Anapuma mu 1997 atapambana masewera 408, ndipo mpando wawo anautenga Doug Williams yemwe uja. A Robinson anamwalira mu 2007 ali ndi zaka 88.