Kodi Mumadziwa? Za Chithunzi cha Mwana Wanu

Kodi mumadziwa kuti chimodzi mwa zithunzi zoyambirira kulowa mu kompyuta chinali cha khanda? Mu 1957 katswiri wa ku America, Russell Kirsch, anatenga chithunzi cha mwana wake Walden, wa miyezi itatu, n'kuchisandutsa timadontho toti makina awerenge, 176 m'litali ndi 176 m'lifupi. Apo n'kuti kutatsala zaka ziwiri kuti masisitere a Carmelite ochokera ku Luxembourg atsegule chipatala cha St. Gabriel's ku Namitete, mu 1959. Pa 11 Juni 1997 bambo winanso, Philippe Kahn, ali m'chipatala ku Santa Cruz m'chigawo cha California, analumikiza kamera ku foni yake n'kutumizira abale ndi anzake chithunzi cha mwana wake Sophie atangobadwa. Bambo amene waima pakhonde la St. Gabriel's lero n'kumatumiza nkhope ya khanda kwa amalume ake ku Johannesburg akuyenda m'njira imene awiriwa analambula.

Koma bambo ameneyu ayambe wafunsa. Mwambo wathu umati mwana asaonedwe ndi aliyense asanatuluke m'chikuta, ndipo mchombo umatenga sabata imodzi kapena ziwiri kuti ugwe. Masiku ano mudzi wonse umakhala wamuona kale pa WhatsApp mayi ake asanadzuke n'komwe pabedi. Kujambula jambulani, poti masiku amenewa sabwerera, koma za kuonetsa anthu mawu omaliza akhale a mayi wa mwana ndi agogo amene akumudikirira.

Kodi mumadziwa kuti m'zaka za m'ma 1800 amayi ankabisidwa m'zithunzi za ana awo? Kamera za nthawi imeneyo zinkafuna kuti munthu akhale duu kwa kanthawi, ndiye mayi ankafunditsidwa nsalu mutu wonse kuti aoneke ngati mpando, iye atagwira mwana. Linda Fregni Nagler anasonkhanitsa zithunzi zotere pafupifupi 1,000 n'kuzitulutsa m'buku mu 2013. Ife palibe chobisira mayi. Mwana ali kumbuyo m'chitenje amakhala wodekha kuposa pena paliponse, ndipo akadzakula chimene adzafunitsitse kuona ndi nkhope ya amene anam'bereka. Amayi ambiri amathawa kamera, amati sindinasambe, sindinavale bwino. Chonde mayi, lowanimo.

Nanga mumadziwa kuti khanda limaona bwino chinthu chimene chili pa masentimita 20 mpaka 30 okha? Limayamba kumwetulira anthu likafika milungu 6 mpaka 8. Cha m'ma miyezi 8 ana ambiri amayamba kuopa alendo, n'chifukwa chake wojambula wa pamsika wa Nsaru amangoti akaloza kamera, mwana yemwe amaseka posachedwapa n'kuyamba kulira mokuwa. Si mwano ayi, ndi kukula. Mupatseni nthawi, ndipo amugwire ndi munthu amene amamudziwa.

Wamkulupo musamulamule kuti aseke, chifukwa adzangoonetsa mano. Mupatseni chochita: galimoto yake ya mawaya, mpira wachikulunga, chitsononkho choti abereke, phada ndi anzake. Inu gwadani mpaka kamera ifanane ndi maso ake. Mukamujambula mutaimirira, mutu umakula, miyendo n'kufupika, ndipo amaoneka ngati akupempha. Dinani kambirimbiri. Kale filimu inkatha pa zithunzi 24 kapena 36, ndipo wojambula woyenda pa njinga ankawerengera chilichonse. Lero palibe chimene mukutaya. Musanayambe, pukutani galasi la kamera ndi kansalu kofewa, pakuti zithunzi zambiri zachifunga vuto lake ndi mafuta a zala basi.

Kodi mumadziwa kuti kuno ku Lilongwe dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pa chaka? Tili pa madigiri 14 kumwera kwa equator, ndipo zimenezi zimachitika chakumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale. Masana otero mphumi ya mwana imanyezimira, maso n'kulowa mumdima, iye akutsinzina. Kuwala kokoma ndi kwa m'mawa dzuwa likungotuluka, ndi kwa madzulo ikadutsa 4 koloko. Mukakakamizika kujambula masana, funani mthunzi wokwanira: pakhonde, pakhomo la nyumba mwana atayang'ana kunja, kapena m'chigafa fodya atachoka. Zigafa za ku Kabudula ndi ku Nambuma zimatchinga dzuwa pamwamba koma m'mbali n'zotsegula, ndipo kuwala kotereku n'kumene ojambula a m'tauni amagulira nyale zodula kuti akupeze. Pansi pa mtengo wa masamba apatalipatali samalani, nkhope imatuluka mawangamawanga.

Ichinso: chimene chazungulira mwana chimam'paka mtundu wake. Katondo wa pabwalo amafiiritsa kunsi kwa chibwano, munda wa chimanga wa mu Januwale umam'patsa kubiriwira. Mnzanu akagwira nsalu yoyera kapena thumba loyera la ufa chapafupi, kuwala kumabwerera kumaso ndipo mitundu ija imachepa.

Tsopano nkhani imene imandikhudza kwambiri. Kodi mumadziwa kuti kwa zaka zambiri filimu ya zithunzi zamitundu inkapangidwa poganizira khungu la azungu? Kuyambira m'ma 1950 kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi kadi yoyezera mitundu, yokhala ndi nkhope ya mzimayi wachizungu. Woyamba kujambulidwapo anali Shirley Page, ndipo makadi onsewo anatengera dzina lake. Makina akagwirizana ndi khungu la Shirley, ankati zonse zili bwino. Mwana wakuda akaima pambali pa mzungu ankangotuluka maso ndi mano. Lorna Roth wa pa yunivesite ya Concordia ku Canada, amene analemba za nkhaniyi mu 2009, anapeza kuti ena mwa amene anakankha kampaniyo kuti isinthe anali opanga chokoleti ndi mipando yamatabwa, podandaula kuti katundu wawo wakuda sakuoneka bwino. Makadi okhala ndi akazi a makungu osiyanasiyana anadzafala m'ma 1990. Ngati chithunzi chanu cha paubwana chili bii, vuto silinali nkhope yanu.

Zinthu zasintha. Kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, eni ake a mafoni a Tecno, itel ndi Infinix, amene adzaza m'matumba a anthu kuyambira pa Mpingu mpaka pa Namitete, inatchuka mu Africa muno mwa zina chifukwa chokonza kamera zake kuti zizitha kuona khungu lakuda. Google inatulutsa njira yake yotchedwa Real Tone mu 2021, ndipo mu 2022 inayamba kugwiritsa ntchito muyezo wa mitundu 10 ya khungu wa Ellis Monk wa ku Harvard.

Chondiwawa n'chakuti makina ataphunzira kutiona, ife tayamba kudzifufuta tokha. Mafoni ambiri ali ndi fyuluta yokongoletsa nkhope, ndipo ena amabwera ili yoyatsa kale, makamaka ku kamera yakutsogolo. Imasalaza khungu, kuliyeretsa, nthawi zina kukulitsa maso ndi kuchepetsa chibwano. Ndiye mumaona chithunzi cha kamtsikana ka zaka zitatu, tsiku lotsekera sukulu ya mkombaphala, kali mbuu, masaya ngati a chidole cha m'sitolo, moti agogo ake amafunsa kuti mwanayu ndi wa yani. Ana amaona zimenezi. Akamva akuluakulu akuyamikira chithunzi choyeretsedwacho kuti apa ndiye wakongola, amasunga mumtima kuti mmene alili sizikukwanira. Lowani mu kamera, pezani pamene palembedwa Beauty, muzimitse musanajambule mwana.

Kodi ndiye kuti kukonza chithunzi n'kulakwa? Ayi. Ojambula ambiri odziwa ntchito amayendera mfundo iyi: chimene chichoke chokha pakatha sabata ziwiri, mungathe kuchichotsa, chimene ndi chake, chisiyeni. Mamina, ntchentche yatera patsaya, phala latsalira pamlomo, kachiphuphu ka dzulo, izi fufutani. Banga lobadwa nalo, chipsera cha pamphumi, mpata wa mano amene aguluka, tsitsi lake ndi khungu lake, izi ndiye mwanayo. Pulogalamu ya Snapseed, imene Google inagula mu 2012, ndi yaulere ndipo imakwanira. Wongolani chithunzi chopendekera, dulani m'mbali kuti ndowa ndi zovala za pachingwe zichoke, kwezani pang'ono malo amdima okha osati chithunzi chonse, ndipo mtundu wa kuwala muukonze poyang'ana chinthu choyera monga kolala ya malaya. Mukatha, ikani foni pambali pa mwanayo muyerekeze. Zambiri zimatheka musanadine n'komwe: gusani chala pankhope yake pa sikirini kuti kamera iyezere kuwala pamenepo, osati pa malata kapena kumwamba.

Kodi mumadziwa kuti chithunzi chingathe kupulumutsa diso la mwana, ngakhale moyo wake? Fulashi ikawala usiku, pakati pa maso pamatuluka kufiira. Kumeneko n'kuwala kobwerera kuchokera mkati mwa diso, momwe muli timitsempha ta magazi, ndipo maso onse awiri akafiira mofanana palibe chodetsa nkhawa. Koma diso limodzi likamatuluka loyera kapena lachikasu pakati, mobwerezabwereza m'zithunzi zingapo, musalikonze ndi pulogalamu. Chingathe kukhala chizindikiro cha ng'ala yobadwa nayo, kapena khansa ya m'diso yotchedwa retinoblastoma, imene imagwira kwambiri ana osakwana zaka 5. M'maiko olemera ana oposa 9 mwa 10 alionse odwala khansayi amachira, chifukwa imapezeka msanga. Kwathu kuno ambiri amafika kuchipatala mochedwa. Nthawi zina kuyerako kumangobwera ndi mmene kamera inapendekera, koma wonena zimenezo akhale dokotala. Pitani ndi mwana pamodzi ndi foniyo ku Kabudula, ku Nambuma, ku St. Gabriel's kapena chipatala chilichonse chapafupi, ndipo akaona kuti m'pofunika adzakutumizani kwa madokotala a maso ku Kamuzu Central Hospital. Musadikire tsiku la sikelo. Chimodzimodzi chikasu cha m'maso mwa khanda, ndi tsitsi lofiirira lonyozoloka la mwana wosowa zakudya m'thupi. Fyuluta imabisa zonsezi, ndipo bambo ali kutali amakhulupirira kuti kumudzi kuli bwino.

Nanga zithunzi zija za pa intaneti za khanda la masiku ochepa litagwira chibwano ndi timanja take, zigongono zili pansi? Ojambula osamala amajambula kawiri, wamkulu atagwira mutu, kenaka atagwira manja, n'kuphatikiza ziwirizo pa kompyuta kuti dzanja la wamkulu lisaoneke. Khanda silingathe kunyamula mutu wake chotero. Musayeserere pa mphasa, ndipo musaliike mu lichero pamalo okwera kapena kulilendewetsa m'chitenje popanda wogwira.

Ngakhale a kunyumba yachifumu kukonza chithunzi kunawavuta. Pa 10 Malichi 2024 ku Britain kunatuluka chithunzi cha Catherine, mkazi wa Prince William, ndi ana ake atatu. Tsiku lomwelo mabungwe a nkhani monga AP, Reuters ndi AFP anachichotsa ataona kuti mkono wa juzi ya mmodzi wa anawo, Charlotte, sukulumikizana bwino. M'mawa mwake mayiyo anapepesa n'kuvomera kuti anachikonza yekha.

Kodi mumadziwa kuti chithunzi chingathe kuulula pamene mwana wanu amagona? Ngati foni yaloledwa kulemba malo, chithunzi chilichonse chimasunga mobisika tsiku, nthawi ndi malo enieni. Mukachitumiza pa WhatsApp mwachizolowezi, zimenezi zimachoka koma chithunzi chimafinyidwa n'kuchepa mphamvu. Mukachitumiza ngati document chimapita chathunthu, chabwino kukatsukitsa, koma malo aja amapita nacho. Yunifolomu ndi chikwangwani cha sukulu nazo zimalankhula. Makolo a ana achialubino asamale koposa, pakuti tonse tikukumbukira kuphedwa ndi kubedwa kwa abale athuwa kumene Amnesty International inalemba mu 2016. Ndiponso maso a anawa amavutika kwambiri ndi kuwala, choncho ajambulidwe pamthunzi popanda fulashi.

Chithunzi cha mwana ali maliseche m'bafa chisapite pa Facebook, ngakhale mutachiona chosangalatsa bwanji. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa zithunzi zolaula za ana, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Ku France anafika pokhazikitsa lamulo mu Febuluwale 2024 lakuti makolo onse awiri ali ndi udindo woteteza chithunzi cha mwana wawo. Mlendo wa bungwe akafika m'mudzi n'kuyamba kujambula ana, muli ndi ufulu wofunsa kumene zithunzizo zikupita, ndi wokana, makamaka akamasankha wamamina ndi wausiwa n'kusiya amene asamba. Mukaona wina akugwiritsa ntchito zithunzi za ana molakwika, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Chomaliza. Kodi mumadziwa kuti chiphaso cha kubadwa chilibe chithunzi, ndipo chiphaso cha unzika cha National Registration Bureau munthu amalandira akakwana zaka 16? Kupatula cha pasipoti, palibe ofesi imene ikusunga nkhope ya mwana wanu wa zaka ziwiri. Foni imabedwa, imagwera m'chitsime, memori kadi imafa. Mukagulitsa mtedza kapena soya, sankhani zithunzi zitatu kapena zinayi za chaka chimenecho mukatsukitse, ndipo muuzeni wotsukayo kuti asayeretse khungu. Kumbuyo kwake lembani ndi pensulo dzina la mwana, mudzi ndi tsiku, chifukwa inki ya bolopeni imatha kudutsira kutsogolo. Zisungeni mu alubamu kapena mu envelopu, kutali ndi chinyezi ndi chiswe.